Romeo ndi Juliet pansanja: chidani, kulipsira ndi kupitikitsidwa kwa Romeo, tidule pati?

Nabanda:
Akuluakulu apagulu pano, ndabwera ndi nkhani ya Romeo ndi Juliet, sewero la William Shakespeare. Magulu ambiri a zisudzo amalifupikitsa seweroli kuti likwane ola limodzi, ndipo zimene zimatsala ndi phwando, kucheza kwa pazenera, ukwati ndi kumanda basi. Oonera amatuluka akufunsana kuti mnyamatayu anapita kuti, nanga bwanji sanamuuze kuti mkazi wake ali moyo. Seweroli lili ndi magawo 5, ndime 24 ndi mizere pafupifupi 3,000, choncho kudula nkosapeweka. Koma pa nkhani ya chidani cha mabanja, kulipsira ndi kuthamangitsidwa kwa Romeo, mizati yake ndi iti imene siyenera kukhudzidwa?

Phiri:
Mayi Nabanda, yambani mwalemba masiku pabolodi, chifukwa ndi pamene odula ambiri amasokonezera. Lamulungu m'mawa kuli ndewu mumsewu wa Verona, usiku wake phwando kwa Capulet, bambo a Juliet, ndi kucheza kwa pazenera. Lolemba masana wansembe, Bambo Laurence, amanga ukwati, ndipo dzuwa lisanalowe Mercutio, mnzake wa Romeo, ndi Tybalt, msuweni wa Juliet, ndi mitembo, Romeo wapatsidwa chilango chochoka mumzinda. Usiku womwewo Capulet alonjeza Paris, amene akufunsira Juliet, kuti ukwati ndi Lachinayi. Lachiwiri m'bandakucha Romeo anyamuka ulendo wa ku Mantua, masana Juliet alandira mankhwala ogonetsa, madzulo Capulet abweza tsiku la ukwati kuti likhale Lachitatu, usiku Juliet amwa. Lachitatu m'mawa amupeza atauma. Zotsalazo ndi za kumanda.

Kupanikizana kwa masikuku Shakespeare anachita dala. Ndakatulo ya Arthur Brooke ya 1562, kumene anatenga nkhaniyi, imayenda miyezi pafupifupi 9, ndipo awiriwo amakhala m'banja mobisa kwa miyezi Tybalt asanaphedwe. Shakespeare anaifinya kukhala masiku osakwana sabata. Ndiye mawu aliwonse otchula tsiku kapena ola musawadule, ngakhale akuoneka ngati opanda ntchito. Makamaka paja Capulet amafunsa kuti lero ndi lachingati, namuyankha kuti Lolemba, iye n'kunena kuti Lachitatu lafulumira, likhale Lachinayi. Oonera akamva zimenezo, mawa lake akamabweza tsikulo amadziwa okha kuti zinthu zathina.

Mbewe:
Ine ndiyambe ndi chidanicho. Musapeke chimene chinayambitsa. Ena amaika kandime koyambirira kokanganirana malire a munda kapena ngongole, poganiza kuti akuthandiza oonera. Sewerolo silinena paliponse kuti Montague, bambo a Romeo, ndi Capulet analakwirana chiyani. Mawu otsegulira, a mizere 14 aja, amangoti ndi chidani chakalekale. Kalonga wa Verona naye amati ndewu zitatu zasokoneza mzinda ndipo zonse zinabadwa pa mawu opanda pake.

Taonani amene akuyambitsa ndewu yoyamba. Si eni mabanja. Ndi antchito awiri a kwa Capulet, Sampson ndi Gregory, amene akunong'onezana kuti aputa bwanji anzawo koma lamulo likhale mbali yawo. Sampson aluma chala chachikulu moloza antchito a kwa Montague, kumene kunali kutukwana. Akamufunsa ngati akulumira iwo, amayamba wafunsa mnzake ngati lamulo liwaikira kumbuyo akavomera. Benvolio, mbale wa Romeo, asolola lupanga kuti aleretse, Tybalt afika n'kumupeza ndi lupanga m'manja, moto wabuka. Madoda awiriwo amafika mochedwa, wina atavala mkanjo wa m'nyumba akuitanitsa lupanga, mkazi wake akumuuza kuti chomuyenera ndi ndodo yoyendera. Dongosolo limeneli, antchito, anyamata, kenako madoda, lisungeni momwemo. Likusonyeza kuti chidanichi chikukhalira kunsi.

Nangozo:
Achimwene Mbewe, pamenepo ndikutsutsaniko pang'ono. Anthu akwathu kuno akamva kuti mabanja awiri sayankhulana, funso loyamba ndi lakuti chinalakwika n'chiyani. Mukawasiya osayankhidwa amaona ngati gulu laiwala ndime.

Mbewe:
Funso limenelo alifunse ndithu, achemwali, ndilo sewerolo likufuna. Mukawapatsa chifukwa, ayamba kuweruza kuti olakwa ndi a Capulet kapena a Montague, ndipo kumanda kuja mbali imodzi ioneka yopambana. Pali njira yoyankhira popanda kupeka: musadule mkangano wa Capulet ndi Tybalt paphwando, gawo 1 ndime 5. Tybalt wamuzindikira Romeo ndi mawu, watuma mnyamata akatenge lupanga. Capulet, mwini chidani weniweni, akumuletsa, akuti Verona yense amamutama Romeo kuti ndi mnyamata wamakhalidwe, ndipo sangalole kuti anyozedwe m'nyumba mwake. Amafika pomukalipira Tybalt ngati kamwana pamaso pa alendo. Mphindi ziwiri zokha, koma oonera amaona kuti mkuluyo watopa nazo, amene wasenza chidani ndi mnyamata wochititsidwa manyazi. Tybalt amachoka akulumbira kuti abwezera, ndipo m'mawa mwake kalata yoitanira Romeo ku ndewu yafika kale kunyumba kwa Montague. Benvolio ndi Mercutio amaitchula mu gawo 2 ndime 4. Mizere imeneyo ikachoka, Tybalt wa gawo 3 amangooneka ngati chidakwa chofuna ndewu.

Chisale:
Ndilowe pa gawo 3 ndime 1, chifukwa pampondachimera ndi pamenepo, ndipo ndi pamene anthu amavulazana zenizeni pansanja.

Ndewuzo ndi ziwiri ndipo zisafanane. Yoyamba, ya Mercutio ndi Tybalt, ndi yodzionetsera. Onse ndi odziwa lupanga, ndipo Mercutio wakhala akumuseka Tybalt kuti amamenya ngati woimba potsata buku, ndi timayina tachitaliyana ta kabayidwe. Nthawi imeneyo ku London kunalidi aphunzitsi a lupanga ochokera ku Italy, monga Vincentio Saviolo amene buku lake linatuluka mu 1595, choncho oonera ankadziwa chimene chikusekedwa. Ndewu imeneyi ipatseni mayendedwe 8 kapena 10, owerengedwa, anthu aziseka. Yachiwiri, ya Romeo ndi Tybalt, ikhale yaifupi ndi yonyansa, mayendedwe 4 kapena 5, popanda luso.

Kaimidwe ka pobaya ndi aka. Mercutio ali kumanzere, Tybalt kumanja, Romeo alowa pakati atayang'ana Mercutio, atakweza mkono kuti atsitse lupanga la mnzakeyo. Tybalt abaya kudzera kunsi kwa mkono wa Romeo, nsonga ikudutsa mbali ya thupi la Mercutio imene ili kutali ndi oonera, pakati pa nthiti ndi mkono. Cholakwika chofala ndi chakuti Romeo amayang'ana Tybalt kapena amawakankha onse awiri, ndiye oonera saona kuti mkono wa Romeo ndiwo unatchinga Mercutio. Pamene Mercutio akudzamufunsa kuti unalowereranji pakati, ndabayidwa kunsi kwa mkono wako, mawuwo amagwa pansi.

Zida: malupanga a thabwa lolimba, otalika osapitirira mita imodzi, nsonga yozungulira, opalidwa bwino. Nsungwi ayi, imang'aluka n'kusiya timinga takuthwa. Chikwanje kapena mpeni weniweni, ngakhale wobuntha, usafike n'komwe pamalo oyeserera. Poyeserera yambani pang'onopang'ono, theka la liwiro, mukuwerenga mokweza, ndipo womenya asasunthe mpaka atayang'anana maso ndi mnzake. Tsiku la sewero bwerezani ndewu zonse kamodzi anthu asanalowe. Ngozi zambiri zimabwera chifukwa oonera akakuwa, anyamata amatenthedwa n'kuwonjezera liwiro kapena kupeka kamenyedwe kena.

Magazi achepe. Mercutio mwini amati ndi kukandika chabe, ndipo Romeo amamulimbitsa mtima kuti bala silingakhale lalikulu. Akupitiriza nthabwala kwinaku akutemberera mabanja onse awiri mobwerezabwereza. Mukamuthira botolo lonse la utoto wofiira, nthabwalazo sizimveka ndipo anzakewo amaoneka opusa. Kansalu konyowa kobisa m'malaya nkokwanira, kaoneke pamene akuchotsa dzanja. Ndipo amakafera kuseri, Benvolio ndiye amabwera ndi uthenga.

Nabanda:
A Chisale, nanga Romeo akamakana ndewu poyamba paja, ochita sewero ambiri amamusandutsa wamantha. Mumakonza bwanji?

Chisale:
Muwakumbutse kuti Romeo akuchokera kopatsidwa ukwati, sipanathe ndi ola. Akudziwa chinthu chimene wina aliyense pansanja sakudziwa: Tybalt tsopano ndi mlamu wake. Ayankhule mwachimwemwe, ngati munthu wosunga chinsinsi chokoma, osati monjenjemera. Kukoma mtima kumeneko ndiko kumamukwiyitsa Mercutio, amakuona ngati kugonja kochititsa manyazi, ndipo ndi iye amayamba kusolola lupanga. Gwirani mfundo imeneyo, ikubweranso pa mlandu.

Kalua:
Ibwere pompano. Chiweruzo cha Kalonga ndicho chimadulidwa kwambiri, ena amangotumiza munthu kukuwa kuti Romeo wathamangitsidwa. Koma ndi bwalo la milandu lathunthu, lili ndi mboni, odandaula ndi oikira kumbuyo, ndipo aliyense akupotoza.

Lamulo linaperekedwa dzulo lake lomwe: amene adzasokonezenso mtendere mumsewu adzalipira ndi moyo. Benvolio afotokoza zambiri moona, koma sanena kuti Mercutio ndiye anaputa, amazikonza ngati Tybalt ndiye anamulumphira. Mayi Capulet akuti Benvolio ndi mbale wa a Montague, akunama, ndipo anthu 20 anaunjikira munthu mmodzi. Limenelo ndi bodza loonekeratu, oonera aona okha. Iwo akufuna magazi a Montague alipire magazi awo. Montague akuti mwana wake wangomaliza zimene lamulo likanachita, popeza Tybalt anali atapha kale. Ndiye woweruzayo naye ndi wofedwa, chifukwa Mercutio ndi mbale wake. Amanena yekha kuti magazi ake ali pansi, ndipo alipiritsa mabanjawo chindapusa chowawa.

Chiweruzo chake nchapakati: Romeo achoke msanga, akapezeka mu Verona ola limenelo ndi lomaliza. Sichikhutiritsa aliyense. A Capulet akuona kuti mlandu sunathe, ndipo paja mlandu suwola. Umboni wake uli mu gawo 3 ndime 5, pamene Mayi Capulet akuuza Juliet kuti atuma munthu ku Mantua akamupatse Romeo chakumwa choti amutsatire Tybalt. Mizere imeneyo isiyeni, ndi yochepa. Imasonyeza kuti kulipsira sikunathere pachipata cha mzinda, komanso poizoni watchulidwa ngati chida chophera Romeo, amene adzadzigulira yekha.

Gondwe:
Kuwonjezera pa a Kalua, chilango chimenechi sichopeka. M'mizinda ya ku Italy ya nthawi imeneyo, uliwonse wodzilamulira wokha, kuthamangitsa munthu kunali chilango chodziwika, ndipo wobwerera mozemba ankaphedwa. Wolemba ndakatulo Dante anathamangitsidwa ku Florence mu 1302, anakakhalako ku Verona m'manja mwa banja lolamulira la della Scala, ndipo anamwalira ku Ravenna mu 1321 osaonanso kwawo. Iye yemweyo anatchula mayina a Montecchi ndi Cappelletti ngati magulu odana. Wolemba Luigi da Porto, amene cha m'ma 1530 anaika nkhaniyi ku Verona ndi mayina a Romeo ndi Giulietta, anati inachitika m'nthawi ya Bartolomeo della Scala, ndipo dzina la Kalonga wa m'seweroli, Escalus, likuchokera pamenepo.

Mtunda wake ndi wochepa modabwitsa. Verona kupita ku Mantua ndi makilomita pafupifupi 40, sikufika ndi pa Blantyre kupita ku Zomba. Pahatchi ndi maola ochepa. Chimene chikumulekanitsa Romeo ndi mkazi wake si mtunda, ndi linga, alonda a pachipata ndi lamulo.

Nangozo:
Ndiye mawuwo m'Chichewa tiziti chiyani? Ndamvapo ena akuti wapita ku ukapolo, ena akuti wathawa.

Gondwe:
Onse awiriwo ndi olakwika, mayi. Ukapolo ukubweretsa za Aisraele ku Babulo, anthu ogwidwa. Kuthawa kukupereka chisankho kwa Romeo. Anathawadi pamalo a ngozi n'kukabisala kwa wansembe, koma kuchoka mu Verona ndi chilango. Mawu ndi kupitikitsidwa, kapena kupirikitsidwa malinga ndi kayankhulidwe ka dera lanu, monga mfumu ipitikitsira munthu m'mudzi. Sankhani limodzi n'kukhala nalo, chifukwa mu gawo 3 ndime 2 ndi 3 liwu limodzilo likubwerezedwa ngati mtondo ukusinjidwa. Juliet akuti liwu limenelo laposa imfa ya a Tybalt zikwi khumi. Romeo akuti kunja kwa linga la Verona kulibe dziko, ndipo ntchentche zili bwino chifukwa zingatere padzanja la Juliet. Omasulira amachita manyazi ndi kubwerezaku n'kumasinthasintha mawu, ndiye mphamvu yonse imatha.

Phiri:
Ndime ya Romeo akugubuduka pansi kwa Bambo Laurence mutha kuifupikitsa ndi theka, ndi yaitali ndipo anyamata ambiri amaisandutsa nthabwala. Koma mapeto ake musakhudze. Pali dongosolo la wansembeyo: Romeo akagone kwa mkazi wake pokwera makwerero a zingwe, atuluke alonda asanatseke kapena m'bandakucha atadzibisa, akakhale ku Mantua mpaka ukwati ulengezedwe, mabanja ayanjane, Kalonga akhululuke. Ndipo pali mzere umodzi umene anthu sauona: wansembe akulonjeza kuti uthenga uliwonse uzidzera mwa wantchito wa Romeo, amene ndi Balthasar.

Tsono tsatani unyolo wa kalata. Lachiwiri, pokonza za mankhwala ogonetsa, Bambo Laurence sagwiritsa ntchito Balthasar. Atuma wansembe mnzake, John, kuti akapereke kalata kwa Romeo ku Mantua. Uyu ndi wa chipani cha Francis Woyera, ndipo anapita kukafuna mnzake woyenda naye. Anamupeza akuyendera odwala mu Verona momwemo. Oyang'anira za mliri anakayikira kuti nyumbayo ili ndi nthenda, anakhoma zitseko onse ali mkati. John sanatuluke n'komwe mumzinda, ndipo sanapeze woti abweze kalatayo kwa mwini wake chifukwa aliyense ankaopa kutenga matenda. Oonera a ku London sankafuna kufotokozeredwa, nyumba za zisudzo zinali zitangotsekedwa nthawi yaitali chifukwa cha mliri pakati pa 1592 ndi 1594. Masiku ano, pambuyo pa Covid-19, ndime imeneyi imamveka popanda vuto.

Pamene John watsekeredwa, Balthasar, amene sanauzidwe kalikonse, waona maliro ndi maso ake, wakwera hatchi. Mthenga amene Romeo anauzidwa kuti azimukhulupirira ndiye wabweretsa nkhani yolakwika, ndipo sakunama. Romeo amamufunsa kawiri ngati ali ndi kalata yochokera kwa wansembe. Mafunso awiriwo asiyeni onse. Ndime ya John, gawo 5 ndime 2, ili ndi mizere pafupifupi 30, sitenga mphindi ziwiri. Kuidula ndiko kumabala funso lija la mayi Nabanda.

Kalua:
Pa mankhwalawo pali masamu ovuta, ndipo ophunzira akuthwa amafunsa. Wansembe akuti agwira ntchito maola 42. Juliet akamwa Lachiwiri cha m'ma 11 usiku, adzuka Lachinayi cha m'ma 5 madzulo, koma kumanda kuja ndi usiku wa miuni ndipo sewero limatha kukucha. Sizigwirizana ndendende. Musavutike nazo, pansanja palibe amawerenga. Chogwira ndi ichi: mlonda amati Juliet wakhala m'manda masiku awiri, wansembe amati adzuka m'maola atatu akubwerawa, ndipo akafika Balthasar amamuuza kuti Romeo walowa theka la ola lapitalo. Theka la ola limenelo linenedwe momveka.

Komanso kubweza tsiku kwa Capulet kunadya tsiku lathunthu pa nthawi yotumizira kalata. Ndipo chinamuchititsa ndi kugwada kwabodza kwa Juliet, kumene wansembe yemweyo anamuphunzitsa. Anasewera bwino mopitirira, bambo ake anasangalala n'kuti mawa lomwe.

Nabanda:
Izi zandithandiza. Nanga ubale m'Chichewa? Chingerezi chimangoti onse ndi abale mosasiyanitsa.

Nangozo:
Apa Chichewa chimaposa. Mayi Capulet akulira Tybalt amati mwana wa mlongo wanga. Ndiye bambo a Tybalt ndi malume a Juliet, ndipo Tybalt ndi Juliet ndi asuweni enieni. Gwiritsani ntchito liwu limenelo. Likufotokozanso chifukwa chake amene akuumirira kulipsira ndi mayiyo osati mwamuna wake. Tybalt si magazi a Capulet, ndi wa kuchikazi. Capulet usiku womwewo akukamba kale za ukwati, akuti tinabadwa kuti tidzafe, ndipo phwando likhale la anthu ochepa kuti anthu asanene kuti sitinamulire. Benvolio ndi mwana wa m'bale wake wa Montague, Romeo angamutchule kuti mbale wanga kapena achimwene. Mercutio ndi Paris onse ndi abale a Kalonga, sali mbali iliyonse. Ambiri amamuveka Mercutio mtundu wa zovala za a Montague, kumene ndi kulakwa. Dzina lake lili pa mndandanda wa oitanidwa kuphwando kwa Capulet. Mupatseni mtundu wachitatu, wofanana ndi wa Kalonga ndi Paris, kuti temberero lake pa mabanja onse awiri limveke kuti likuchokera kwa munthu wapadera.

Za ukwatiwo, oonera akwathu amaona msanga chimene chikusowa: palibe ankhoswe. Amene akudziwa ndi wansembe ndi mlezi wa Juliet basi, ndipo zinthu zitathina onse awiri sangaime pagulu n'kunena kuti mwanayu ndi wokwatiwa. Mlezi amatembenuka n'kuti kwatiwa ndi Paris, woyambayo ali ngati wakufa. Musaike ankhoswe m'sewero, Verona ikhale Verona. Kungoti mawu a mleziwo anenedwe mofatsa, ngati malangizo a munthu wachikondi amene waopa, oonera adzalumikiza okha.

Gondwe:
Ukwati wamseri unali vuto lenileni ku Ulaya. Mpingo wa Katolika pa msonkhano wa ku Trent mu 1563 unalamula kuti ukwati uzichitika pamaso pa wansembe wa parishi ndi mboni ziwiri kapena zitatu, utalengezedwa kaye, chifukwa cha milandu yonga yomweyi, munthu kukwatira mobisa kenako n'kukakamizidwa ukwati wina.

Pa msinkhu napo konzekani mafunso. Juliet sanakwanitse zaka 14, mlezi akuti akwanitsa usiku wa pa 31 July. Kwa Brooke anali ndi zaka 16, Shakespeare anatsitsa dala. Capulet yemwe poyamba amauza Paris kuti adikire zaka ziwiri, ndipo okwatiwa ali aang'ono amaonongeka msanga. Tsiku limodzi lokha Tybalt atafa, bambo yemweyo akuopseza mwana wake kuti akakana akapemphetse ndi kufera mumsewu. Kuno lamulo ndi zaka 18 kuchokera pamene malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017, choncho oonera adzachita nthumanzi, ndipo nkoyenera. Musabise msinkhuwo. Ndipo taonani, kuopseza kwa Capulet ndi kupitikitsa kwachiwiri m'seweroli. Romeo wachotsedwa mumzinda, Juliet akuuzidwa kuti achotsedwa pakhomo. Ndime ziwirizi zikuyankhana.

Chisale:
Kwa amene ali ndi anthu ochepa, 13 amakwana. Mercutio, Tybalt ndi Benvolio ntchito yawo imatha pa gawo 3 ndime 1, Benvolio saonekanso n'komwe. Ndiye wa Benvolio akhale Balthasar, wa Mercutio akhale John, wa Tybalt akhale wogulitsa mankhwala wa ku Mantua, kenako awiri omalizawa akhale alonda. Mtembo wa Tybalt kumanda ndi mtolo wokulunga m'nsalu. Mayi Montague ndi mlezi sakumana pansanja, munthu mmodzi angathe. Kalonga amaoneka katatu kokha, pachiyambi, pakati ndi pamapeto, ndiye anganenenso mawu otsegulira. Wa Bambo Laurence ali ndi mpata wokhala Sampson chifukwa wansembe amayamba kuoneka mu gawo 2. Chimene chimavuta ndi kusintha zovala: chipewa ndi mkanjo sizikwanira ngati mayendedwe ndi mawu ndi omwewo. Wa Tybalt akabwera ngati wogulitsa mankhwala oonera amakuwa kuti wadzuka. Awerame, avale nsanza, ayankhule motsitsa. Munthuyo ndi wanjala, masaya olowa, ndipo akudziwa kuti lamulo la Mantua limapha wogulitsa poizoni. Amalandira ndalama 40 zagolide akunena kuti wavomera ndi umphawi wake, osati mtima wake.

Mbewe:
Imfa ya Paris kumanda, tidule kapena ayi? Magulu ambiri amachotsa kuti Romeo asaoneke wakupha kawiri.

Kalua:
Isiyeni, achimwene. Paris sakudziwa za ukwati. Akuona Montague wopitikitsidwa, amene anapha msuweni wa bwenzi lake, akuswa manda a Capulet ndi chitsulo usiku. Akuganiza kuti wabwera kudzanyoza mitembo, kupitiriza kulipsira, ndipo akufuna kumugwira monga lamulo linenera. Chidani ndicho chamuwerengera zimene akuona. Romeo amamuchonderera kuti achoke, monga anachitira ndi Tybalt, ndipo zimathera momwemo. Komanso mnyamata wa Paris ndiye amathamanga kukaitana alonda, phokoso la alondawo ndilo limathawitsa wansembe n'kumusiya Juliet yekha ndi mpeni wa Romeo. Mukachotsa Paris mufunika kupeka china choitanira alonda. Ndiponso Kalonga amati wataya abale awiri chifukwa chotsinzinira mikanganoyo. Popanda Paris mawuwo ndi abodza.

Akufa onse ndi 6: Mercutio, Tybalt, Paris, Romeo, Juliet ndi Mayi Montague. Womalizayu amaiwalika. Montague amafika kumanda n'kunena kuti mkazi wake wamwalira usiku womwewo ndi chisoni cha kupitikitsidwa kwa mwana wake. Mizere iwiri yokha. Ndiye yekha amene waphedwa ndi chiweruzo cha Kalonga mwachindunji, popanda lupanga kapena poizoni. Montague aime kaye pang'ono asananene, ndipo Kalonga aoneke kuti zamulasa.

Nangozo:
Ena amamudzutsa Juliet Romeo asanatsirizike kuti atsanzikane. Nzololedwa?

Gondwe:
Zinachitikapo. Wochita zisudzo David Garrick mu 1748 analemba kukambirana kotero ndipo kunaseweredwa zaka zambiri, ndipo kwa da Porto awiriwo amayankhulanadi kumanda. Shakespeare sanatero. Kwa iye Romeo amafa osadziwa kuti analakwitsa, akudabwa kuti milomo ndi masaya a Juliet akadali ofiira. Oonera akudziwa chifukwa chake, iye ayi. Ine ndingatsate zimenezo, chifukwa chilango chonse cha kupitikitsidwa ndi kusamva zimene zikuchitika kwanu, ndipo kumulola kumva pamapeto kumafewetsa zinthu. Pokonza nkhope ya Juliet musamupake ufa woyera kumanda. Mawu a Romeo akufuna kuti aoneke wamoyo.

Phiri:
Pa chiyanjano chomaliza samalani ndi nyimbo. Magulu amakonda kuimbitsa nyimbo yachimwemwe madoda akugwirana chanza. Mvetserani zimene akulonjezana: Montague akuti aimika fano la Juliet la golide weniweni, Capulet akuti naye apanga la Romeo lolemera chimodzimodzi. Mutha kuchita ngati kulapa koona, muthanso kuchita ngati ayambanso kupikisana, mawuwo amalola zonse ziwiri. Sankhani chimodzi poyeserera, ochita sewero awiriwo agwirizane. Mayi Capulet sapatsidwa mawu aliwonse oyanjana. Muwaike pambali pa mtembo wa Tybalt, asagwire chanza cha munthu.

Nabanda:
Ndawerengera zonse mwati zisachoke, ola limodzi silikwana. Zikufika ola ndi theka.

Phiri:
Dulani kwina. Zolankhula za Mercutio za mfumukazi ya maloto zitsale mizere 10. Oimba oseka ndi Peter, wantchito wa kwa Capulet, pambuyo pa maliro abodza achoke onse. Mawu otsegulira gawo 2 achoke. Kulira kwa anthu anayi pa bedi la Juliet kukhale mzere umodzi aliyense. Kufotokoza kwa wansembe kumanda, kumene kuli mizere pafupifupi 40, kutsale zimene madodawo sakudziwa: ukwati, mankhwala, kalata yobwerera. Madandaulo a Romeo pa Rosaline, mtsikana amene ankamukonda poyamba, atsale ochepa, koma dzina lake lisachoke, chifukwa ali pa mndandanda wa oitanidwa ndipo ndi amene akumukokera kuphwando. Mukatero mufika mphindi 75 kapena 80. Kupumula kukhale pambuyo pa chiweruzo cha Kalonga, mtembo wa Tybalt ukunyamulidwa, kuti anthu a kuseri apeze mpata wolowetsa bedi ndi kumangirira makwerero a zingwe.